Nsengwa ndi BP ya amayi oyembekezera: matenda oyamba mimba isanaoneke

Mwana akabadwa, maso a aliyense m'chipinda chochiliramo amakhala pa iye. Mayi amafuna kudziwa ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna, agogo ali pakhonde kutchera khutu kuti amve kulira. Pakapita mphindi zingapo pamatuluka chinthu china chimene achibale sachilabadira, ndicho nsengwa. Amene timaigwira ndife azamba a kuchipatala. Timaiyala m'mbale, kuitembenuza uku ndi uku, kuona ngati yatuluka yathunthu. Ikakhala yabwinobwino imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kukula kwake ndi ngati mbale yodyera nsima. Mbali imene inamatirira kwa mayi ndi yofiira moderako, yogawikagawika. Mbali ya mwana ndi yosalala, yonyezimira, mitsempha itayanga kuchokera pa chingwe cha mchombo ngati mizu ya mkuyu.

Pa zaka zimene ndagwira ntchito kuno ku Mangochi ndaphunzira kuilemekeza nyama imeneyi, komanso kuiopa.

Usiku wina anabwera naye panjinga yamoto mtsikana wa zaka 17 wochokera tsidya la nyanja ya Malombe. Inali mimba yachisamba, ya miyezi 8. Anali atakomoka kawiri kunyumba, thupi lonse likugwedezeka, lilime atadziluma. Azakhali ake anandigwira dzanja nati, "Anesi, mwanayu sanagwepo khunyu chibadwire. Miyendo idayamba kutupa mwezi watha, ife timati mwina ndi mapasa. Dzulo amadandaula mutu. Ena kumudzi akuti mwamuna wake wamusempha." Titamuyeza BP inali 170/115, ndipo mkodzo unali wodzaza ndi puloteni. Tinamubaya magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, tinatsitsa BP, ndipo m'mawa kusanache anapita naye ku opaleshoni. Mwana anabadwa wamoyo koma wochepa kwambiri. Nsengwa nayo inali yaing'ono, yokhala ndi zigamba zotuwa, zolimba, malo amene anafa kale chifukwa chosowa magazi. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Chiyambi cha zonse zimene zinachitika usiku umenewo chinali m'mbale imeneyo.

Matendawa achipatala amawatchula kuti pre-eclampsia. Mayi amene BP yake inali bwinobwino amapezeka ndi 140/90 kapena kuposa apo mimba itadutsa masabata 20, kuphatikizapo puloteni mumkodzo kapena zizindikiro zoti impso, chiwindi, ubongo kapena magazi zakhudzidwa. Ikafika 160/110 ndiye kuti zinthu zavuta. Mayi akayamba kukomoka ndi kugwedezeka ngati wakhunyu, pamenepo timati eclampsia, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kung'anima kwa mphezi. Padziko lonse, mwa amayi 100 oyembekezera, 2 mpaka 8 amadwala pre-eclampsia, ndipo kafukufuku wa mu 2014 wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anapeza kuti mwa amayi 100 omwalira chifukwa cha uchembere, pafupifupi 14 amafa ndi matenda a BP. Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, ndipo BP ili m'gulu la zifukwa zazikulu pamodzi ndi kutaya magazi ndi matenda olowa m'chiberekero.

Tikudziwa bwanji kuti gwero lake ndi nsengwa? Pali mimba ina yosaumbika bwino imene m'chiberekero mumangomera nyama ya nsengwa yokhayokha, timatumba tamadzi tambirimbiri, mwana mulibe. Mayi wa mimba yotere amatha kudwala pre-eclampsia, nthawi zina masabata 20 asanakwane n'komwe. Choncho matendawa safuna mwana kuti ayambe, amafuna nsengwa. Ndipo nsengwa ikachoka, matenda amayamba kuzilala. Mpaka lero palibe mankhwala ena owachiritsa koposa kubereka.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nsengwa si nyama ya mayi. Ndi ya mwana. Dzira likakumana ndi umuna limagawikanagawikana mpaka kukhala kampira kakang'ono ka maselo, ndipo patatha pafupifupi sabata imodzi kamamatirira pakhoma la chiberekero. Maselo a mkati mwa kampirako ndiwo adzakhale mwana. Maselo a kunja, otchedwa trophoblast, ndiwo adzakhale nsengwa. Theka la chibadwa chawo lachokera kwa bambo, kotero m'thupi la mayi iwo ndi alendo. Ndipo ndi alendo osakhala pakhonde. Amalowa mpaka kuchipinda.

Maselo amenewa amagawana ntchito. Ena amamanga tinthambi ting'onoting'ono tosawerengeka tolendewera m'magazi a mayi. Amene munaonapo namasupuni pa Shire, mukamunyamula n'kuona mizu yake yanyenyevu italendewera m'madzi, mwaona chithunzi chake. M'kati mwa kanthambi kalikonse muli mitsempha ya mwana. Kunja kwake kwakutidwa ndi chikopa chopyapyala chodabwitsa, chotchedwa syncytiotrophoblast, chimene chimapangidwa maselo ambirimbiri akasungunukirana n'kukhala chinsalu chimodzi chopanda msoko. Mutachiyala pansi chonse pa nthawi yobereka chingakute malo oposa masikweya mita 10, ngati chipinda chogona chabwino ndithu. Pachikopa chimenechi ndi pamene okosijeni ndi chakudya zimawolokera kwa mwana, zonyansa za mwana n'kuwolokera kwa mayi, magazi a awiriwa osasakanikirana. Chikopa chomwechi ndicho chimatulutsa hCG, imene imajambula mzere wachiwiri pa kachipangizo koyezera mimba.

Maselo ena a trophoblast amachoka pa tinthambi tija n'kuyenda kulowa m'khoma la chiberekero. Apa ndiye pagona nkhani yathu.

M'khoma la chiberekero muli timitsempha topotanapotana tobweretsa magazi a mayi. Mkazi asanaime, timitsempha timeneti ndi topapatiza, tozingidwa ndi minofu imene imatha kufinya kapena kumasula. Koma mwana wa miyezi 9 amafuna magazi ochuluka kwambiri: chakumapeto kwa mimba, magazi opita kuchiberekero amaposa theka la lita pa mphindi iliyonse. Timitsempha topapatiza sitingakwanitse zimenezo. Ndiye maselo oyenda aja amafika pa timitsemphato, kulowa m'kati mwake, kugumula minofu yozungulira, n'kukhala iwo eni khoma latsopano. Kamtsempha kamene kanali ngati udzu woyamwira thobwa kamasanduka kotakata kukamwa ngati fanulo, kosathanso kufinyika. Taonani mmene Shire amachitira: pa mlatho wa pa boma madzi amayenda mothinana, koma akafika mu Malombe amayala, n'kumayenda mwakachetechete. Umo ndi mmene magazi a mayi amayenera kufikira pa nsengwa, ochuluka koma odekha.

Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti m'masabata oyambirira maselo omwewa amatseka dala kukamwa kwa timitsemphato ngati chitsekero cha botolo. Kamwana kakamaumbika ziwalo sikafuna okosijeni wambiri, amatha kukawononga, ndipo nthawi imeneyo kamadya timadzi totuluka m'khoma la chiberekero. Cha m'ma sabata 10 mpaka 12 zitsekero zimamasuka, magazi n'kuyamba kulowa. Ntchito yotakasa mitsempha imapitirira mpaka cha m'ma sabata 18 kapena 20.

Werengani masabatawo bwino. Zonsezi zikuchitika pa nthawi imene kwathu kuno mimba ikadali chinsinsi, pamene mtsikana sanauze ngakhale apongozi ake, pamene akuluakulu amati usaulule msanga kuopa anthu oipa mtima. Chitenje sichinayambe n'komwe kumangidwa m'mwamba, koma maziko a mwezi wachisanu ndi chitatu aikidwa kale.

Thupi la mayi silingoonerera alendowa akulowa. M'khoma la chiberekero muli maselo ambiri a chitetezo otchedwa uterine NK. Abale awo a m'magazi ntchito yawo ndi kupha maselo odwala, koma awa a m'chiberekero amakhala ngati anyakwawa olandira mlendo ndi kumuonetsa malire a munda. Trophoblast amanyamula chizindikiro chotchedwa HLA-C, chimene mbali ina anatengera kwa bambo, ndipo maselo a mayi amachiwerenga ndi timphuno tawo totchedwa KIR. Mu 2004 gulu la Ashley Moffett ku Cambridge linaonetsa kuti mitundu ina ya KIR ya mayi ikakumana ndi mtundu wina wa HLA-C ya mwana, chiopsezo cha pre-eclampsia chimakwera. Dokotala wa ku yunivesite ya Makerere, Annettee Nakimuli, anafufuza zomwezi mwa amayi a ku Uganda ndipo mu 2015 anapeza kuti amayi a mu Africa ali ndi mitundu yawoyawo ya KIR, ina yoteteza, yosiyana ndi ya azungu. Izi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chimene matendawa amakondera mimba yoyamba, komanso chifukwa chimene mayi amene anabereka bwinobwino amatha kuwadwala akatenga mimba ya mwamuna wina.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndikudziwa mmene mawu amenewa angamvekere pabwalo la kumudzi. Mbali ya bambo imene ndikunena ndi ya chibadwa, yofanana ndi kutalika kapena khungu. Siikhudzana ndi kumene iye anagona dzulo. Mayi akatupa, nkhani ya tsempho imabuka msanga, anthu n'kutha masiku akufunsana ndi kufuna mankhwala achikuda, pamene BP ikukwera tsiku ndi tsiku. Ndaonapo mabanja akupasuka pa mlandu umene panalibe wolakwa, ndipo choŵaŵa koposa, ndaonapo amayi akufika mochedwa chifukwa cha milandu yomweyo. Za m'banja zikhoza kukambidwa nthawi ina. Mayi wotupa nkhope ndi manja ayambe wayezedwa.

Nanga ntchito yotakasa mitsempha ikalephera? Mu 1972 Ivo Brosens ndi anzake anaunika nyama ya chiberekero cha amayi odwala pre-eclampsia ndipo anapeza kuti timitsempha tija tinangotakasuka pamwamba pokha, m'kati timinofu tikadalipo, njira ikadali yopapatiza. Alimi a mthirira amadziwa chimene chimachitika ukatsina payipi kukamwa: madzi amatuluka mwaukali n'kukumba mbande m'malo moithirira. Graham Burton ndi anzake anawerengera mu 2009 kuti magazi otuluka mu mtsempha wosatakasuka amathamanga mita imodzi kapena awiri pa sekondi, pamene mu wotakasuka amayenda masentimita 10 okha. Mkokomo wotere umang'amba tinthambi tanthete tija. Komanso popeza minofu ikadalipo, mtsempha umafinya n'kumasula, magazi n'kumabwera modukizaduka. Kusowa okosijeni kenako kumulandira mwadzidzidzi, mobwerezabwereza, kumatopetsa maselo kuposa kusowa kokha. Chikopa chija chimayamba kunyotsoka, tizidutswa take n'kumagwera m'magazi a mayi. Zigamba zotuwa zimene ndinaona m'mbale usiku uja zinachokera apa.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa yovutika imatulutsa poizoni wina, koma sankamudziwa. Mu 2003 Sharon Maynard ndi Ananth Karumanchi ku Boston anapeza mmodzi mwa akuluakulu ake, puloteni yotchedwa sFlt-1. Kuti timvetse zochita zake tiyenera kudziwa kuti mitsempha yonse ya m'thupi ili ndi kachikopa kosalala m'kati mwake, ndipo kachikopa kameneka kamadalira mapuloteni awiri, VEGF ndi PlGF, kuti kakhale kathanzi. sFlt-1 ikachuluka imayandama m'magazi ngati khoka, kukola VEGF ndi PlGF zisanafike kumene zikufunika. Iwo atapereka sFlt-1 kwa makoswe apakati, makoswewo BP inakwera, puloteni inatuluka mumkodzo, impso zinawonongeka mofanana ndi za amayi odwala. Chaka chotsatira kafukufuku wina anaonetsa kuti sFlt-1 imayamba kukwera pafupifupi masabata 5 mayi asanaonetse chizindikiro chilichonse.

Mukamvetsa zimenezi, zizindikiro zonse zimene zimaoneka ngati zosagwirizana zimakhala nkhani imodzi. Kachikopa ka m'mitsempha kakadwala, mitsempha imafinyika, BP n'kukwera. Imayambanso kudontha, madzi n'kulowa m'minofu, ndiye kutupa nkhope ndi zala mpaka mphete kukana kuvuka. Mu impso sefa imawonongeka, puloteni n'kumapulumukira mumkodzo. Mu ubongo madzi odonthawo amabweretsa mutu wosamva panado, kuona nyenyezi kapena chifunga, kenako kukomoka. Chiwindi chikatupa, mayi amamva kupweteka pansi pa nthiti kumanja kapena pachifu, ndipo ambiri amangoti ndi chilungulira. Nthawi zina maselo ofiira amasweka, chiwindi n'kuvulala, tizigawo toundanitsa magazi n'kutha. Mtundu woopsa umenewu Louis Weinstein anautcha HELLP mu 1982. Mwana naye amapinimbira chifukwa chakudya chikumufika mopereŵera, ndipo nsengwa imatha kumatuka nthawi isanakwane.

Akatswiri ena amaona kuti nsengwa sichita izi mwangozi chabe. BP ya mayi ikakwera, magazi ambiri amakankhidwira kwa mwana wanjala. Ndi kulira kwa nsengwa kopempha magazi, koma kulira kwake kumapweteka amene akuidyetsa.

Si pre-eclampsia yonse imene imayamba chonchi. Imene imabuka masabata 34 atadutsa, yomwe ndiyo yochuluka, nthawi zambiri mitsempha inatakasuka bwino, kungoti nsengwa yakula mpaka kuthinana yokha, kapena thupi la mayi linali lotopa kale ndi shuga, kunenepa kwambiri, matenda a impso kapena BP yakale. Mapasa nawo amawonjezera chiopsezo popeza nyama ya nsengwa imachuluka. Choncho amene amati kutupa ndi mapasa nthawi zina amalondola za mapasawo, koma amaphonya ngozi imene yabwera nawo.

Kuno kunyanja tili ndi mdani wina wa nsengwa amene mabuku olembedwa ku Ulaya samukamba kwambiri: malungo. Maselo ofiira amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo amamera puloteni yotchedwa VAR2CSA, imene imawamatiza pa chikopa chija cha tinthambi ta nsengwa. Amaunjikana pamenepo, ngakhale mayi asakumva kutentha thupi, ndipo wa mimba yoyamba ndiye amavutika koposa chifukwa thupi lake silinaphunzire kulimbana nawo. Boma lathu lino la Mangochi lili ndi mbiri pa nkhaniyi. Kafukufuku wa Mangochi Malaria Research Project, amene anachitika kuyambira 1987 mpaka 1990, anatsatira amayi oyembekezera zikwi zingapo ndipo anaonetsa mmene malungo a m'nsengwa amachepetsera sikelo ya ana obadwa. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko yopereka SP, uja timati fansida, kwa amayi oyembekezera pofuna kupewa malungo. Ndipo ku Muheza m'dziko la Tanzania, kafukufuku wa mu 2006 anapeza kuti atsikana a mimba yoyamba okhala ndi malungo a m'nsengwa ankapezeka kwambiri ndi BP yokwera komanso sFlt-1 yochuluka. N'chifukwa chake ndikaona neti ya udzudzu itasanduka ukonde wa usipa kapena mpanda wa dimba, pamene m'nyumbamo muli mtsikana wapakati, mtima umandiwawa.

Tingachitepo chiyani? Ntchito ya trophoblast sitingailamule, koma pali zinthu zochepa zotsimikizika, ndipo pafupifupi zonse zimafuna kuti mayi afike kusikelo msanga. WHO kuyambira 2016 imalimbikitsa kuonana ndi achipatala maulendo 8, loyamba masabata 12 asanathe. Ulendo woyambawo ndi umene timadziwira BP yeniyeni ya mayi, ndiponso kufunsa mbiri yake: kodi anadwalapo matendawa pa mimba ina, kodi amayi ake kapena mchemwali wake anawadwalapo, kodi ali ndi shuga kapena BP. Kwa amene ali pachiopsezo chachikulu pali asipirini wa mlingo wochepa. Kafukufuku wa ASPRE wa mu 2017 anapereka 150 mg tsiku lililonse kuyambira masabata 11 mpaka 14, ndipo pre-eclampsia yobereketsa mwana masiku asanakwane inatsika ndi 62 pa 100 iliyonse. WHO imalimbikitsa 75 mg. Phindu lake limakula akayambidwa msanga, pamene mitsempha ija ikadali kukonzedwa. Mayi amene wayamba sikelo mwezi wachisanu ndi chimodzi, mwayi waukulu wamudutsa kale. Koma chonde, uwu si asipirini wa 300 mg wogula pagolosale n'kumamwa nokha. Mlingo ndi nthawi yosiyira azinena achipatala.

Kashiamu nayenso amathandiza kumene anthu amadya wochepa. WHO yakhala ikulimbikitsa magalamu 1.5 mpaka 2 patsiku, ndipo kafukufuku wa ku India ndi ku Tanzania wofalitsidwa mu 2024 anapeza kuti 500 mg imateteza ku pre-eclampsia mofanana ndi 1,500 mg. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wabwino, ndiye mayi wapakati wa kuno asamangoona nsomba zikukwera galimoto kupita ku Limbe iye akudyera nsima masamba okha.

M'mayiko olemera amayeza sFlt-1 ndi PlGF m'magazi kuti adziwe amene adwale sabata ikubwerayi. Ife m'zipatala zathu zing'onozing'ono tili ndi makina a BP ndi kapepala koviika mumkodzo. Zimenezi n'zokwanira kupulumutsa amayi ambiri, pokhapokha makinawo akhale ndi mabatire, timapepala tikhalepo, ndipo woyeza alembe nambala yeniyeni m'kabuku. Mayi ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Anesi, BP yanga lero ili bwanji?" Ndimakondwera ndikafunsidwa choncho.

Matenda akapezeka, timatsitsa BP ndi methyldopa, nifedipine kapena hydralazine. Mankhwala ena a BP monga enalapril ndi oopsa kwa mwana wosabadwa, kotero mayi amene ankamwa kale mankhwala anene msanga kuti asinthidwe. Poletsa kukomoka tili ndi magnesium sulphate, mankhwala otsika mtengo amene kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anaonetsa kuti amachepetsa kukomoka ndi kuposa theka. Koma onsewa amangotigulira nthawi. Nsengwa ikadali m'kati ikupitiriza kutulutsa sFlt-1. Ndiye adokotala amayenera kuyeza mbali ziwiri: tsiku lililonse mwana akakhala m'mimba mapapo ake akukhwima, ndipo tsiku lomwelo impso ndi ubongo wa mayi zikuwonongeka. Masabata 37 akakwana sitidikiranso. Zikavuta kwambiri timabereketsa ngakhale masiku ali kutali. Achibale akamva zoti tiyambitse kubereka kapena tichite opaleshoni amaona ngati tikupupuluma, koma chimene tikufuna kuchotsa ndi nsengwa. Kwa amayi a kutali monga ku Makanjira, kumene msewu umavuta nthawi yadzinja, tikati khalani kuchidikiro ndi chifukwa chakuti mphezi ija ikang'anima, maola a pamsewu ndi ambiri.

Kubereka sikuti ngozi yatha tsiku lomwelo. Mitsempha yovulala imatenga masiku kapena masabata kuti ipole, ndipo amayi ena amakomoka atachira kale, mwana ali kubere. Mutu waukulu kapena kusaona bwino m'sabata zoyamba za chikuta n'chifukwa chokwanira chobwererera kuchipatala. Patsogolonso, mayi amene anadwala pre-eclampsia amakhala ndi chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri cha matenda a mtima ndi sitiroko, choncho BP yake iziyezedwa chaka ndi chaka ngakhale ana atakula.

Mtsikana wa tsidya la Malombe uja anakhala nafe masiku angapo, mwana atamukumbatira pachifuwa m'chitenje kuti afunde. Tsiku lotuluka ndinalemba ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la kabuku kake zimene zinamuchitikira. Azakhali aja anafunsa kuti, "Nanga akadzaimanso, zidzabweranso?" Ndinawauza kuti zikhoza kutero, ndipo akadzangodumpha mwezi umodzi adzabwere ndi kabukuko, ngakhale kumudzi asanauze munthu aliyense. Iwo anagwedeza mutu, anakapinda kabuku kaja m'pepala lapulasitiki, n'kukamangirira pamfundo ya chitenje.